Chipinda cha Bokosi

Amene anayamba kundiuza kuti bokosi lija ndi chuma anali a Kamwendo, dalaivala wa pahotela ina ku Doha, amene ankatiimbira gitala pa mapemphero athu a Amalawi. Linali Lachisanu masana, titangomaliza kuphunzira nyimbo. Anandikokera pakhonde, nkuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wogulitsa nyama yakuba, kenako nkutulutsa foni. Koma ndisanafike pa zimene ndinaona pafonipo, ndiyambe ndi mmene ndinapezekera kumeneko, chifukwa inu ana anga, makamaka iwe Tadala, nkhaniyi mumangoidziwa mbali imodzi. Ndalemba ndekha ndi sukulu yanga ya Sitandade 7. Pamene ndaphonya chilembo mukonze, koma nkhaniyo musaisinthe.

Chaka choyamba mpaka chachitatu

Ndinapita ku Qatar bambo anu atamwalira, ine ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Ntchito yanga yoyamba inali pa kampani yokolopa. Tinkagona akazi asanu ndi mmodzi m'kachipinda kamodzi ku Umm Ghuwailina, pa mabedi osanjikiza, ndipo basi ya kampani inkatitula pa kliniki ina ku Al Sadd. Sopo ankatipatsa moyeza ndi chivindikiro cha botolo, magolovesi awiri okha pa mwezi, akang'ambika uzionere wekha. Kapitawo wathu mawu ake anali awiri basi: yala, kutanthauza fulumira, ndi khalasi, kutanthauza zatha. Sindidandaula, chifukwa sopo woyeza yemweyo ndiye anakuphunzitsani sukulu, ndipo Mulungu sanalole kuti ndigone m'chipatala ngakhale tsiku limodzi. Koma pali lamulo limodzi limene tinkakumbutsana m'basi muja: kuno usatole kanthu. Mnzanga wina wa ku Kenya anatola wotchi yakufa m'bini, nkuiika m'thumba poganiza kuti akaikonzetsa. Mwini wake atabwerera kudzaifuna, nkhani inasanduka yakuba. Sabata isanathe mnzangayo anali pa ndege, chikwama chake tinachita kumutumizira pambuyo. Kuyambira pamenepo, ngakhale riyali, ndalama ya kumeneko, igwe pa phazi langa, ndinkaitana munthu wina kuti aione kaye.

Chaka chachinayi mpaka chachisanu ndi chinayi

Pa kliniki paja pankabwera nkhalamba ina ya ku Lebanon, Bwana Faris, injiniya wopuma ntchito, pamodzi ndi akazi awo, Madamu Salwa. Madamu anaona mmene ndinkawathandizira bwana kukhala pa mpando, ndiye anakonza mapepala kuti ndikagwire kunyumba kwawo ku Al Muntazah. Anali anthu abwino, ndinene zoona. Lachisanu ankandipatsa ofu yonse, ndipo mwezi sunadutsepo osandilipira.

Bwana anali ndi chipinda chawo cha mabuku, ndipo pakona pake panali bokosi limeneli. Iwo ankati ampu, ntchito yake kukuza mawu a gitala. Linkandifika m'bondo, koma kulemera ngati muli njerwa. Chikopa chake chinali chachikasu chofwifwa, nsalu ya kutsogolo yong'ambika pakona, pamwamba pali zipsera za ndudu ndi mkombero wa kapu ya khofi. Kumbuyo kwake kunali mababu agalasi, amene ankafiira ngati makala akaliyatsa. Sabata yanga yoyamba ndinalowa ndi ndowa ndi burashi kuti ndilisambitse. Bwana anadzuka pa mpando ndi liwiro limene sindinaliwonenso mpaka imfa yawo.

"La, la, la! Ayi, Esinati! Kolopa nyumba yonse, ukafuna undikolope ndi ine ndemwe, koma uyu musiye."

"Bwana, litsiro lachuluka."

"Litsiro limenelo ndi lalikulu kwa iwe. Ulipatse ulemu."

Tinkamvana m'Chingerezi chothyokathyoka, koma pamenepo ndinamva bwino. Ndinkangolipukuta fumbi ndi nthenga. Mumtima ndinkati, anthu olemera ali ndi misala yawo: galimoto ziwiri panja, koma wailesi yonga ya pa dzala. Madzulo ena ankaimba, zala zikunjenjemera, nyimbo yake imodzimodzi, Madamu nkumakuwa ali kukhitchini kuti, "Faris, mutu wanga!"

Bwana anamwalira m'chaka changa chachisanu ndi chinayi. Mwana wawo Karim anabwera kuchokera ku Canada, nkutenga gitala poti inkakwana pa ndege. Bokosilo analikankha ndi phazi, nkunena kuti ndi zinyalala zolemera. Atatha masiku makumi anayi a maliro, Madamu anandiitana. "Chotsa zonse m'chipinda muja, khalasi. Ndikaliona bokosilo ndimamva ngati akhosomola pakona pomwepo." Ine ndinakumbukira kuti ku mapemphero gitala ya a Kamwendo sinkamveka tikayamba kuwomba m'manja. Ndinati, "Madamu, m'malo motaya, ndingalitengere ku mapemphero?" Anangokweza dzanja osatembenuka: "Tenga." Panalibe mboni, panalibe pepala. Ine, amene ndinkaitana munthu kuti aone riyali, tsiku limenelo sindinaitane aliyense, chifukwa ndani angafune mboni pa chinyalala?

A Kamwendo analinyamula pa galimoto mpaka ku fulati ya nesi wina wa Chimalawi ku Al Sadd, kumene tinkasonkhana. Linkalira bwino, moti mawu ake ankalowa mpaka m'chifuwa. Koma maonekedwe ake ankandichititsa manyazi pa zinthu za Mulungu. Ndinagula kachitini ka penti wakuda ndi burashi, ndiponso ndinapatula chitenje changa chobiriwira kuti ndichotse chinsalu chong'ambikacho ndikhomepo chatsopano. Lachisanu lililonse ndinkati lero ndipaka, koma pankapezeka chondilepheretsa: mwina wina wadwala, mwina alendo. Ndinangoliphimba ndi chitenjecho, penti nkukhala pansi pa sinki miyezi isanu ndi umodzi.

Chaka chakhumi, nyengo yotentha

Tsopano ndabwerera pakhonde paja. Pafoni ya a Kamwendo panali chithunzi cha bokosi lofanana ndendende ndi lathu, pansi pake pali mtengo. Atautembenuzira m'mariyali, unakwana malipiro anga a zaka ziwiri.

"A Kamwendo, musandiseweretse. Ndine mayi wamkulu."

"Amake Tadala, ndikanama ndife. Pahotela pathu pali mzungu woimba m'bandi. Waona chithunzi changa ndikuimba pa sitetasi, wangoti, ampu iyi mwaitenga kuti? Akuti ndi vinteji."

"Vinteji ndiye ndani?"

"Zakale, amayi. Akuti mapulaisi ake akukwera chaka ndi chaka. Akufuna adzaione, kashi ali nayo."

Kwathu chinthu chikakalamba mtengo umatsika. Njinga yakale siposa yatsopano, ndipo malaya a kaunjika sagulidwa kuposa a m'sitolo. Ndiye ndinafunsa kuti munthu wanzeru zake angaperekerenji ndalama zoterozo pa chibokosi chong'ambika. A Kamwendo anatsitsa mawu.

"Mukukumbukira anthu aja ankayenda m'midzi kufunafuna nsimbi zamakala za tambala pamwamba? Ndi mapulaimasi akale? Mumati ankafuna kusita? Ankafuna mekyuli wofiira. Nanga mababu ajawa amafiira chifukwa chiyani? Mzunguyo za nyimbo akungonamizira. Ife tingodziwa mmene tingautulutsire, tigulitse tokha."

Nkhani ya nsimbi ndinkaidziwa, ngakhale sindinaonepo munthu amene analemera nayo. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhalenso pansi. Ndinkakayikira mzunguyo: mwina ndi msampha woti ndigulitse, kenako apolisi atulukire. Ndinkakayikira ndalamazo: mwina ndi zija zimabwera ndi imfa pakhomo. Ndinkakayikiranso a Kamwendo, Mulungu andikhululukire, kuti mwina mtengo weniweni ndi wina, iwo andionetsa wa ana.

Mzungu uja anabwera Lachisanu lotsatira. Sanatipatse moni wokwanira, anangogwada pa bokosi paja ngati wapeza m'bale wake. Anavundukula chitenje changa, nkuwalitsa foni kumbuyo, kuwerenga tizilembo, mpaka kununkhiza. A Kamwendo anandigunda ndi chigongono: "Mwaona? Akununkhiza mekyuli." Kenako mzunguyo anandiyang'ana nkufunsa kuti ndinalipeza bwanji. Ndinati ndinapatsidwa. Anafunsanso: ndani? Muli ndi kalata? Mawu akuti kalata anandikumbutsa wotchi ya mnzanga wa ku Kenya. Ndinamuuza kuti ndikaganiza kaye.

Patatha sabata, tinasonkhana kuti tiimbe, koma bokosi osalira. Nditasuzumira kumbuyo ndinaona kuti babu limodzi palibe. A Kamwendo anayamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

"A Kamwendo, babu lili kuti?"

"Ndinangofuna kutesta, amayi."

"Kutesta bwanji?"

"Ndinalikulunga mu sokosi, nkulimenya ndi supuni pa mbale."

"Ndiye mekyuli wanu ali kuti?"

"Munali timawaya tokha. Kapena anauluka, paja akuti sachedwa."

Ndikanakhala wa manja opepuka, tsiku limenelo a Kamwendo akanadziwa. Ndinawalamula kuti alinyamule, tipite kwa wokonza. Ku Al Sadd komweko kunali kasitolo ka mkulu wina wa ku India, a Tomasi, wokonza zoimbira. Atamva za sokosi ndi supuni anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati m'mababu amenewo mulibe kanthu, ngakhale mpweya anaupopamo, ndipo babu limasinthidwa ngati makala pa mbaula. Anatola lina m'kabati, nkuliika, bokosi nkulira. Koma atayendetsa dzanja pa chikopa paja anasiya kuseka.

"Mama, munapakapo kanthu apa? Munachotsapo chilichonse?"

"Ayi. Penti ndinagula, koma sindinapeze mpata. Nsalu iyinso ndimafuna ndiisinthe."

Anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Uyu wa supuniyu waswa babu. Inu mukanapha bokosi."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati mwana. Anati mabokosi amenewa anapangidwa ndi manja kalekale, ine ndisanabadwe, ndipo chaka chilichonse amachepa: ena amapsa, ena amatayidwa, ena amapakidwa penti ndi amayi aukhondo. Anyamata amene ankawasirira nthawi imeneyo lero ndi nkhalamba zolemera, zikufuna kumvanso mawu a pa unyamata wawo. Ena saimba nkomwe, amangogula nkusunga ngati ng'ombe, kudikira kuti mtengo uswane. Ndipo chimene amalipira ndi choti chinthucho chikhale chosakhudzidwa, orijino, ndi zipsera zake zonse. Ndinakumbukira mawu a Bwana Faris onena za litsiro, misozi nkulengeza. Ndinatsala pang'ono kuwakhulupirira a Tomasi ndi mtima wonse. Koma tikutuluka anandinong'oneza kuti ngati mzunguyo watchula mtengo, iwo awonjezerapo. Pamenepo ndinati, eya, nawonso. Munthu aliyense amene anaona bokosilo anayamba kundimwetulira, ine amene ndinakolopa zaka khumi popanda wondifunsa dzina.

Chaka chomwecho, mwezi wotsatira

Kontirakiti yanga inali kutha, mawondo nawo anali atayamba kukana masitepe. Nyumba yathu ino ya ku Lunzu inali itafika pa mtanda, zipinda zinayi, yopanda denga. Bokosi lija linali denga lonse, zitseko, mawindo, ndi kampanda komwe. Ndinakuimbira foni iwe Tadala, ndipo mawu ako ndikuwakumbukira.

"Amayi, munaba?"

"Sindinabe."

"Anakupatsani?"

"Anandipatsa."

"Ndiye vuto lili pati? Mulungu wakuyankhani, inu mukufuna mumubwezere yankho?"

Sunalakwe kufunsa, mwana wanga. Inenso ndinadzifunsa zomwezo masiku ambiri, ndikusita, ndikutsuka mbale. A Kamwendo nawo ankanditumizira mauthenga: "Mukawauza Madamu, akati tinaba, tidipotedwa tonse. Ingosainani dilu, mukwere ndege." Sindinganame kuti ndinali wolungama kuposa anzanga. Theka la mtima wanga linali mantha: Doha ndi yaing'ono, mzungu akaika chithunzi pa foni, Karim akachiona ku Canada, ine ndili pa eyapoti. Koma theka linalo linali mawu amene ankandibwerera ndikagwada kupemphera. Madamu anandipatsa chinyalala. Chuma sanandipatse, chifukwa sankadziwa kuti ali nacho. Mayi wamasiye ngati ine ndemwe, amene anandigulira mankhwala a mawondo ndi ndalama zake, ndimuphikire khofi mmawa uliwonse ndikudziwa chimene iye sakudziwa?

Ndinawauza Lolemba mmawa, nditaika khofi pa tebulo. Ndinanena zonse: za mzungu, za a Tomasi, za mtengo, ngakhale za sokosi. Madamu anazunguza kapu yawo. Kenako anafunsa funso limene linandilasa: "Unadziwa liti?" Ndinati mwezi wapitawu. "Osati tsiku lija unandipempha?" Ndinati, "Madamu, ndikanadziwa tsiku limenelo, ndikanagula penti?" Ndinali nditabwera nako kachitini kaja m'chikwama, kosatsegula, ndipo ndinakaika pa tebulo pafupi ndi khofi. Anakayang'ana, nkundiyang'ana, koma sanaseke.

Karim anafika patatha milungu iwiri. Sanandipatse moni. Anandifunsa mafunso ngati wapolisi: china chimene ndinatenga m'chipinda muja nchiyani, anzanga ndi ndani, bwanji babu limodzi ndi lachilendo. Ine amene ndinatha mwezi ndikukayikira aliyense, tsopano ndinalawa kukayikiridwa. Anatchula za kupita ku polisi. Pamenepo Madamu anamenya tebulo, nkulankhula m'Chingerezi dala kuti nane ndimve. "Iwe unalikankha ndi phazi. Ine ndinati alitaye. Amene analisunga ndi uyu, ndipo wabwera yekha. Khalasi!" Za polisi zinathera pomwepo. A Kamwendo anabweretsa bokosilo, nkhope ili gwa, nkulitula pa geti osalowa. Ine ndinavundukula chitenje changa, nkuchipinda. Ndicho chokha chinali changa.

Ku mapemphero tinabwerera ku gitala yosamveka. A Kamwendo anatha ma Lachisanu atatu osandilankhula, ndipo atayamba kulankhula ankanditchula kuti Mayi Woyera. "Tiyeni tiimbe motsitsa, Mayi Woyera anapereka ampu kwa osauka a ku Canada." Anthu ankaseka, nanenso ndinkaseka, koma ndikafika kuchipinda kwanga ndinkayang'ana chithunzi cha nyumba yopanda denga.

Chaka chobwerera kumudzi

Tsiku lonyamuka, Madamu anandiperekeza okha mpaka pa geti, nkundiika envulopu m'manja. "Iyi si ya bokosi," anatero. "Ndi ya khofi wa zaka zisanu ndi ziwiri." Tinakumbatirana, tonse tikulira. Ndalama imeneyo, kuphatikiza ndi ya kumapeto kwa kontirakiti, ndi imene inafolera zipinda zitatu zimene mukugonamo. Pa chachinayi malata anatha.

Mpaka lero pali zimene sindidziwa. Sindidziwa ngati Karim anagulitsa bokosilo kapena analisunga ngati ng'ombe. Sindidziwa ngati envulopu ija inalidi ya khofi, kapena Madamu anandipatsa kachidutswa ka bokosi mobisira mwana wawo. Sindidziwanso ngati funso lija lakuti unadziwa liti linachokeratu mumtima mwawo. A Kamwendo akadali ku Doha, ndipo chaka chilichonse amanditumizira chithunzi cha bokosi ngati lomwelo ndi mtengo wake watsopano, wokwera kuposa wa chaka chatha, popanda ngakhale moni. Pansi pake amangolemba kuti, "Mukuti mulibe mekyuli?"

Chipinda chachinayi inu munachitcha chipinda cha bokosi. Ndimamva mukamatumana kuti kayanike zovala ku chipinda cha bokosi, ndipo ndimadziwa kuti mawuwo ali ndi minga. Sindikwiya. Iwe Tadala, ukanakhala ndi chipinda chako ndi ana ako m'malo mopanikizana ndi ang'ono ako, ndipo chimenecho ndinakulanda ndine. Ndikupepesa. Koma ndinatuluka m'dziko la eni ndi chikwama changa m'manja, sichinachite kunditsatira pambuyo. Kachitini ka penti kaja ndinakasiya ku Al Muntazah. Chitenje chobiriwira ndi chimene chatchinga pakhomo la chipinda chimenecho.

Inu amene muwerenge izi, kaya ndinu a mpingo, kaya ndinu anzanga amene mukadali kukolopa kumeneko, mukamagwada mutikumbukire ife a pakhomo pano: ine Esinati, Tadala ndi ana ake, ndi ang'ono ake awiri. Muwatchulenso Madamu Salwa, amene anatsala okha m'nyumba yaikulu ija. Mvula yayandikira, ndipo khoma la chipinda cha bokosi layamba mng'alu.